Matanthwe osanjikizana ndi msinkhu wake: mafunso ndi mayankho

Mbali yaikulu ya Malawi yakhala pa matanthwe akalekale amene anapsa ndi kupindika pansi pa nthaka. N'chifukwa chake mwana wa ku Dowa kapena ku Ntcheu amatha kumaliza Fomu 4 asanaonepo ndi maso thanthwe la miyalo yoyalana bwino monga lija lojambulidwa m'buku la jogalafe. Koma matanthwe otere alipo kwathu kuno: ku Karonga, m'mapiri a Livingstonia ku Rumphi, ku Lengwe ndi ku Mwabvi m'chigwa cha Shire, ndiponso pansi pa nyanja ya Malawi pamene ena akuyalidwa lero lino. Mayankho ali m'munsiwa akufotokoza mmene amapangikira, ndi mmene akatswiri a miyala amadziwira muyalo umene unayamba ndi umene unabwera pambuyo.

Kodi matanthwe osanjikizana ndi otani, ndipo akusiyana bwanji ndi thanthwe la phiri la Mulanje?

Akusiyana kochokera. Thanthwe la Mulanje linali chiphalaphala chotentha chimene chinazizira pang'onopang'ono pansi pa nthaka zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo, ndipo linaonekera poyera zofewa za pamwamba pake zitakokoloka. Lilibe miyalo, ndipo simungapezemo fupa kapena chigoba.

Matanthwe osanjikizana ndi zinyenyeswa za matanthwe ena. Mvula, dzuwa ndi mizu zimaswa thanthwe lakale, kenako mtsinje, mphepo kapena madzi oundana zimanyamula zoswekazo n'kukazitula pamalo otsika. Mchenga ukalimba umakhala sandstone, matope ndi dongo zimakhala shale kapena mudstone, nsangalabwi zikamatirirana zimakhala conglomerate. Ena sachokera ku zinyenyeswa. Miyala ya laimu yambiri ndi zigoba za tizamoyo ta m'nyanja. Malasha ndi zomera za m'madambo zimene zinakwiririka zisanaole. Mchere wa pansi pa nthaka ndi umene unatsala nyanja itaphwa.

Matanthwe a gulu limeneli akuta pafupifupi magawo atatu mwa anayi a mtunda wonse wa dziko lapansi, koma amangokuta pamwamba. Mukakumba mozama mumafika pa matanthwe akale aja.

Matope ofewa amasanduka bwanji mwala?

Ayenera kukwiririka kaye. Matope atsopano a pansi pa nyanja amakhala ndi madzi ambiri kuposa dothi lenilenilo. Ena akamaunjikana pamwamba, kulemera kwawo kumafinya madziwo, moti muyalo wa matope umatha kutsala theka la kukhuthala kwake kapena kucheperapo. Mchenga sufinyika chotero. Umalimba chifukwa madzi oyenda pansi pa nthaka amabweretsa laimu, silika kapena chitsulo chosungunuka n'kumazisiya m'mipata ya pakati pa timibulu ta mchenga mpaka tonse titagwirana. Sandstone wofiirira amafiira chifukwa cha chitsulo chochita dzimbiri chimene chakuta timibuluto.

Ntchitoyi ilibe nthawi yoikika. M'magombe ena a nyanja zamchere, kumadera otentha, mchenga umalimba m'zaka makumi ochepa chabe, pomwe ku Estonia kuli dongo la zaka zoposa 500 miliyoni limene likanyowa limaumbikabe ndi manja. Choncho kulimba kwa thanthwe si umboni wakuti ndi lakale.

N'chifukwa chiyani pamakhala miyalo, osati chimulu chimodzi chosakanikirana?

Chifukwa madzi amasankha. Thirani mchenga, dothi ndi timiyala m'botolo la madzi, likhutchumuleni, kenako liikeni pansi. Timiyala timayamba kukhazikika, mchenga n'kutsatira, ndipo dongo limatha kuyandama mpaka mawa. Mtsinje umachita zomwezo. Ukamathamanga umakoka ngakhale miyala, ukafooka umatula zolemera poyamba. Alimi a ku Chikwawa ndi ku Nsanje akuzidziwa bwino izi: madzi osefukira, monga aja a namondwe Freddy mu Malichi 2023, akaphwa amasiya mchenga pa minda ina ndi matope osalala pa ina, ndipo wokumba dzenje pamenepo amadutsa zotsala za kusefukira kwa zaka zosiyanasiyana.

Mzere uliwonse wolekanitsa miyalo iwiri ukusonyeza kuti china chake chinasintha, kaya ndi mphamvu ya madzi, kaya nyengo, kaya kuya kwa nyanja. Ku Grand Canyon, m'dziko la America, kuli miyalo itatu yotsatizana imene imaonetsa bwino zimenezi: Tapeats wa mchenga ali pansi, Bright Angel wa matope pakati, Muav wa laimu pamwamba. Malo amodzi omwewo anali gombe, kenako madzi osaya, kenako nyanja ya kutali ndi gombe, pamene nyanja inkalowerera kumtunda zaka pafupifupi 500 miliyoni zapitazo.

Ndani anayamba kunena kuti muyalo wa pansi ndiwo wakale?

Amene analemba zimenezi momveka ndi Nicolas Steno, wa ku Denmark, yemwe ntchito yake yeniyeni inali yofufuza ziwalo za thupi. M'chaka cha 1666 asodzi anagwira nsomba yaikulu ya m'nyanja yamchere yotchedwa shaki kufupi ndi gombe la Italy, ndipo mutu wake unatumizidwa kwa Steno ku Florence. Iye anaona kuti mano a shakiyo akufanana ndendende ndi timiyala tosongoka timene anthu ankatola m'matanthwe a kumtunda. Funso linali lakuti, chinthu cholimba chinalowa bwanji mkati mwa chinzake cholimba? Yankho lake linali lakuti thanthwelo linali lofewa pamene dzinolo linagweramo.

M'chaka cha 1669 anasindikiza mfundo zitatu zimene zikugwirabe ntchito. Muyalo wa pansi unayalidwa wa pamwamba usanabwere. Miyalo imayalidwa chogona, choncho yopendekeka inasunthidwa pambuyo pake. Ndipo muyalo umapitirira mbali zonse mpaka pomwe unathera, moti ngati ukuoneka tsidya lino ndi tsidya ilo la chigwa, unali umodzi mtsinje usanaudule.

Mfundo yoyambayo ili ngati za kudzala: zinyalala za pansi ndi zimene zinatayidwa kale, za pamwamba ndi za dzulo. Wina anganene kuti izi n'zodziwikiratu, koma nthawi ya Steno ambiri ankakhulupirira kuti zigoba zimamera zokha m'miyala. Onaninso kuti mfundoyi sikutchula chaka. Ikungonena wamkulu ndi wamng'ono, ndipo kwa zaka zoposa 200 akatswiri analibe chinanso choposa pamenepo.

Nanga miyalo ikapendekeka kapena kugadabuzika, pansi timapadziwa bwanji?

Zimachitikadi. Mapiri akamapangika, matanthwe amapindidwa mpaka ena kuima chilili kapena kugona chagada. Pansonga ya phiri la Everest pali miyala ya laimu yokhala ndi zotsalira za zamoyo za m'nyanja, ndiye musaderere mphamvu imeneyi.

Katswiri amafufuza zizindikiro za mkati mwa muyalowo. Ming'alu ya matope ouma, ngati ija ya m'dambo mwezi wa Okutobala, imakhala yotakasuka pamwamba n'kumachepa polowa pansi. Muyalo wa kusefukira kumodzi umayamba ndi timibulu tikulutikulu pansi n'kuthera ndi tosalala pamwamba. Tizitunda ta mafunde pa mchenga timasongoka kumwamba, pomwe tizigwa take timakhala tozungulira. Mapazi a nyama amaboola pansi, ndipo mizu ndi mauna a tizilombo zimatsikira pansi. Mukapeza ming'alu yotakasukira pansi m'miyalo ingapo yotsatizana, dziwani kuti mulu wonsewo unagadabuzika. Chizindikiro chimodzi chokha sichidalirika.

Kodi mng'alu kapena mtsempha wa mwala wakuda wodutsa m'miyalo umawerengedwa pati?

Chodula chimabwera pambuyo, choncho ndi chaching'ono kwa chodulidwa. Ngati chiphalaphala chinalowa mu mng'alu n'kudutsa miyalo isanu koma n'kulekeza pansi pa wachisanu ndi chimodzi, ndiye kuti chinabwera isanuyo ilipo kale, ndipo kawirikawiri wachisanu ndi chimodziwo usanayalidwe. Ndi mmene timadziwira kuti thanthwe la Mulanje ndi laling'ono kwa matanthwe a m'chigwa amene linaboola. Mbali inayo, nsangalabwi yopezeka mkati mwa conglomerate ndi yakale kuposa thanthwe limene yakhalamo, poti inayenera kukhalapo kuti mtsinje uinyamule.

Kodi miyalo imasunga mbiri ya nthawi yonse popanda kudumpha?

Ayi, ndipo apa ndiye pagona nkhani. Malo amalandira matope pokhapokha akakhala otsika. Akakwera, kuyala kumaleka ndipo kukokoloka kumayamba kudya zimene zinayalidwa kale. Akadzatsikanso, miyalo yatsopano imagona pamwamba pa zotsalazo, ndipo pakati pake pamangooneka mzere umodzi. Mzere umenewo ukhoza kuimira nthawi yaitali kuposa matanthwe onse a pamwamba ndi pansi pake.

M'chaka cha 1788 James Hutton anapita pa boti ku Siccar Point, pagombe la Scotland, limodzi ndi anzake John Playfair ndi James Hall. Anapeza miyalo yotuwa yoima chilili, ndipo pamwamba pake pagona miyalo yofiira yongopendekeka pang'ono. Hutton anawerenga ndondomeko yonse: yotuwayo inayalidwa chogona pansi pa nyanja, inalimba, inapindidwa, inakwera, inakokoloka mpaka kusalala, kenako yofiira inabwera. Chilichonse mwa izi chimafuna nthawi yosaneneka. Lero tikudziwa kuti ya pansiyo ili ndi zaka pafupifupi 435 miliyoni ndipo ya pamwambayo pafupifupi 370 miliyoni.

Ku Grand Canyon mpata wake ndi waukulu koposa. Chigwembecho n'chakuya mamita pafupifupi 1,800 pamalo ena. Pamwamba penipeni pali laimu wa Kaibab wa zaka pafupifupi 270 miliyoni, ndipo pansi, m'mbali mwa mtsinje wa Colorado, pali thanthwe la Vishnu la zaka pafupifupi 1.7 biliyoni. Pamene Tapeats uja wagona pa Vishnu, munthu akhoza kuphimba ndi chikhato chimodzi zaka zoposa biliyoni imodzi zimene sizinasiye kanthu pamalopo. Zithunzi za m'mabuku a sukulu zimasocheretsa pang'ono pankhaniyi, chifukwa zimaonetsa miyalo yotsatizana bwinobwino ngati palibe chinasowa.

Ngati malo aliwonse ali ndi mipata, mbiri yonse imalumikizidwa bwanji?

Pofananitsa malo ambiri, ndipo chida chachikulu ndi zotsalira za zamoyo. William Smith, Mngelezi woyeza malo amene ankagwira ntchito m'migodi ya malasha ndi pokumba ngalande za maboti ku Somerset, anaona kuti miyalo iwiri yofanana maonekedwe imatha kukhala ndi zigoba zosiyana, ndiponso kuti mitundu ya zigobazo imatsatizana mwa ndondomeko imodzimodzi kulikonse kumene ankapita. Mtundu ukatha, subwereranso m'miyalo ya pamwamba. M'chaka cha 1815 anatulutsa mapu a matanthwe a England ndi Wales pogwiritsa ntchito nzeru imeneyi. Zamoyo zothandiza kwambiri ndi zimene zinafalikira dziko lonse koma n'kutha msanga.

Chitsanzo chathu ndi matanthwe a Karoo. Ku South Africa, kumene ali okwanira bwino, amayamba ndi zotsalira za madzi oundana za zaka pafupifupi 300 miliyoni, pamwamba pake pali miyalo ya malasha, kenako matope ofiira okhala ndi mafupa a nyama zokwawa zimene zinali makolo a nyama zoyamwitsa, ndipo pamwamba penipeni pali chiphalaphala cha mapiri a Drakensberg cha zaka pafupifupi 183 miliyoni. Zidutswa za ndondomeko yomweyi zimapezeka ku Hwange m'Zimbabwe, ku Maamba ndi m'chigwa cha Luangwa m'Zambia, ku Moatize m'chigawo cha Tete, ndi ku Mchenga ndi Chiweta kwathu kuno. Masamba a mtengo wotchedwa Glossopteris amapezeka m'miyalo ya malashayi, komanso ku India, Australia, South America ndi Antarctica. Ndi umodzi mwa maumboni akuti maiko amenewa anali chimtunda chimodzi.

Kodi njira zimenezi zagwirapo ntchito pa zofukulidwa za ku Karonga?

Kwambiri. Kumwera kwa boma la Karonga kuli miyalo yofiira imene munapezeka mafupa a dinosaur, ya zaka zoposa 100 miliyoni. Frank Dixey, katswiri wa miyala wa boma la Nyasaland, anafufuza malowa m'zaka za m'ma 1920, ndipo chilombo chimene mu 1993 chinapatsidwa dzina loti Malawisaurus dixeyi chikukumbutsa za iyeyo. Elizabeth Gomani, katswiri wa kwathu kuno, anatcha chinanso dzina loti Karongasaurus mu 2005. Pamwamba pa miyalo yofiirayo, m'malo ambiri, pagona miyalo yotuwa ya Chiwondo, ya m'mphepete mwa nyanja yakale, imene ili ndi zaka mamiliyoni owerengeka chabe. Pakati pa ziwirizi pali mpata wa zaka pafupifupi 100 miliyoni. Ndiye wina akamati anthu akale a ku Karonga ankakhala pamodzi ndi dinosaur chifukwa mafupa awo apezeka dera limodzi, miyaloyo ikumutsutsa.

M'chaka cha 1991 gulu lotsogoleredwa ndi Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza nsagwada ya munthu wakale wa mtundu wa Homo rudolfensis ku Uraha, m'miyalo ya Chiwondo. Vuto linali lakuti pamalopo panalibe phulusa la phiri lophulika loti ayeze zaka zake. Anathandiza ndi mano a nguluwe. Mano a kumapeto a nguluwe zakale za mu Africa ankatalika ndi kukula pang'onopang'ono m'kupita kwa nthawi, ndipo ku Omo m'dziko la Ethiopia ndi ku Koobi Fora m'dziko la Kenya mano omwewo amapezeka pakati pa miyalo ya phulusa yoyezedwa kale. Pofananitsa, nsagwadayo inapezeka kuti ili ndi zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Zambiri za zofukulidwazi mungakazione kunyumba yosungiramo zakale ya ku Karonga, imene inatsegulidwa mu 2004.

Ndiye manambala a zakawa akuchokera kuti, ngati miyalo imangonena wamkulu ndi wamng'ono?

Anabwera mochedwa, Henri Becquerel atatulukira mu 1896 kuti uranium imatulutsa mphamvu yokha. Zinthu zina za m'miyala zimasintha kukhala zina pa liwiro lodziwika. Theka la uranium-238 limasanduka mtovu m'zaka pafupifupi 4.5 biliyoni. Mukayeza kuchuluka kwa chotsala ndi cha chimene chapangika, mumadziwa nthawi imene kamwalako kanaumbika. Arthur Holmes anayamba kuyeza matanthwe motere mu 1911.

Koma sandstone simungamuyeze mwachindunji, chifukwa kambulu kalikonse ka mchenga kamanena zaka za phiri limene kanachokera, osati tsiku limene kanatulidwa. N'chifukwa chake akatswiri amasakasaka muyalo wa phulusa kapena wa chiphalaphala pakati pa miyaloyo. Phulusa la pansi likakhala la zaka 3 miliyoni, la pamwamba 2 miliyoni, zonse za pakati zili pakati pa manambala awiriwo. Njira zakale zija sizinatayidwe. Ndizo zimanyamula nambala kuchoka pamalo amene yayezedwa kupita pamene palibe choyeza.

Carbon-14, imene anthu ambiri amaitchula, sikhudzana ndi matanthwe akalewa. Theka lake limatha m'zaka 5,730, choncho imathandiza pa makala, mafupa ndi zigoba zosapitirira zaka pafupifupi 50,000.

Kodi muyalo wokhuthala ndiye kuti unatenga nthawi yaitali?

Si nthawi zonse. Kusefukira kwa usiku umodzi kukhoza kusiya mchenga wofika m'chiuno, pomwe pansi pa nyanja yakuya sentimita imodzi imatenga zaka zambiri. Ku Gubbio, m'dziko la Italy, kuli kamuyalo ka dongo kokhuthala pafupifupi sentimita imodzi, kamene Walter Alvarez ndi bambo ake Luis anapezamo chitsulo chosowa chotchedwa iridium chili chochuluka modabwitsa. Mu 1980 analengeza kuti ndi chizindikiro cha chimwala cha mlengalenga chimene chinagwa zaka 66 miliyoni zapitazo, nthawi imene dinosaur zinatha.

Nyanja ya Malawi ndi malo abwino kwambiri oonerapo izi. Ndi yakuya mamita pafupifupi 700, ndipo kupitirira mamita 250 kutsika pansi mulibe mpweya wa okosijeni, choncho mulibe nyongolotsi kapena nsomba zovundula matope. Kumpoto kwa nyanjayi chaka chilichonse chimasiya timiyalo tiwiri: kakuda ka dothi la mitsinje nthawi ya dzinja, ndi koyera ka tizomera ta m'madzi timene timachuluka mwera ukamaomba. M'chaka cha 2005 akatswiri anaboola pansi pa nyanja n'kutulutsa matope otalika mamita pafupifupi 380, osunga mbiri ya zaka zoposa miliyoni imodzi. Mukagawa, chaka chimodzi sichikwana ndi theka la milimita lomwe. M'matopemo anaona kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunachita chilala choopsa moti madzi anatsika ndi mamita oposa 500. Anapezamonso tizidutswa ta phulusa la phiri la Toba, la ku Indonesia, limene linaphulika zaka pafupifupi 74,000 zapitazo.

Kodi chigumula chimodzi chachikulu sichikanayala miyalo yonseyi nthawi imodzi?

Ambiri mwa amene anayambitsa maphunzirowa anali anthu opemphera, ndipo ena ankayembekezera kupeza zimenezo. Steno mwiniwake anadzakhala bishopu wa Katolika mu 1677. Chimene chinasintha maganizo a akatswiri ndi zopezeka pakati pa miyaloyo. Muli ming'alu ya matope ouma ndi dzuwa, mapazi a nyama, nthaka yakale yokhala ndi mizu ili m'malo mwake, milu ya mchenga wa m'chipululu, ndi mchere umene umafuna kuti nyanja iphwe, ndipo zimenezi zimabwerezedwa kambirimbiri kuchoka pansi kufika pamwamba. Kusefukira kumodzi kumasiya muyalo wa zolemera pansi ndi zopepuka pamwamba, monga m'botolo muja. Sikungaumitse matope pakati pa ntchito yake kenako n'kupitiriza.

Kodi kudziwa zimenezi kuli ndi phindu lanji kwa munthu wamba?

Wofuna malasha amene akudziwa kuti ali m'miyalo ya pansi ya Karoo sawononga ndalama kuboola pamene miyaloyo inakokoloka kale. Uranium ya ku Kayelekera, kumene mgodi unatsegulidwa mu 2009, ili m'miyalo ina ya sandstone wa Karoo yemweyo, osati monsemo. Oboola mijigo m'zigwa za m'mphepete mwa nyanja ndi mwa Shire amalemba miyalo imene akudutsa, chifukwa madzi amayenda mu mchenga ndi nsangalabwi pomwe dongo limawatchinga, ndipo mapaipi oboolaboola ayenera kuikidwa molunjika muyalo wa mchengawo.

Ndikapeza fupa kapena chigoba m'thanthwe ndichite chiyani?

Musachizule. Chijambuleni chili pomwepo, pafupi ndi patali, kuti muyalo wake ndi ya pamwamba ndi pansi pake ioneke, ndipo muike ndalama yachitsulo kapena cholembera pambali kuti kukula kwake kudziwike. Lembani malo ake, dziwitsani amfumu, kenako nthambi ya boma yoona za zinthu zakale, poti malamulo a dziko lino amateteza zofukulidwa zotere. Fupa lochotsedwa pamalo pake popanda kulemba muyalo umene linali limataya pafupifupi umboni wonse wa msinkhu wake.